Kuitana alendo usanasuzumire m'nkhokwe: zimene Zambia yaphunzira pa kulimbirana masewera aakulu

Nthawi ndi nthawi timamva pa wailesi kuti dziko lakuti kapena mzinda wakuti wapatsidwa mwayi wolandira masewera aakulu, kaya ndi cikho ca Africa, cikho ca dziko lonse kapena masewera a Olympic. Nkhaniyo imabwera ndi zithunzi za akuluakulu obvala masuti akukumbatirana mu holo ya hotela, pamene kwao anthu akubvina m'misewu. Cigamulo cotere cimabwera pambuyo pa zaka za kulimbirana, kulonjeza ndi kunyengerera, ndipo ndalama zambiri zimatha mpira usanamenyedwe n'komwe.

Ife a Zambia mpikisano umenewu tiudziwa bwino. Tinaupambana kawiri pa masewera aakulu kwambiri, ndipo kawiri konse tinabweza mwayiwo cifukwa m'thumba munalibe kanthu. Tinapemphanso kawiri cikho ca Africa osacipeza. Ndalama zomangira mabwalo a masewera zicokera m'thumba limodzi ndi ndalama za fataleza, za mankhwala a m'zipatala ndi za misewu ya kumidzi. Motero nkhaniyi ikhudza mlimi wa ku Shimabala monga momwe ikhudzira akuluakulu a FAZ mu Lusaka, ndipo ndi bwino kuti tonse tidziwe mmene zinthuzi ziyendera.

Mmene mpikisano uyendera

Masewera aakulu ali ndi eni ake. Cikho ca Africa ndi ca kabungwe ka CAF, cikho ca dziko lonse ndi ca FIFA, ndipo masewera a Olympic ndi a IOC. Eni akewo amalengeza kuti afuna wolandira masewera a caka cakuti, ndipo amachula zonse zimene wolandirayo ayenera kukhala nazo: mabwalo okhala ndi mipando yokwanira, malo ophunzirirapo matimu, mahotela, bwalo la ndeke, zipatala, malaiti osazima ndi misewu yabwino.

Mzinda kapena dziko lofuna limakhazikitsa komiti, ndipo komitiyo imalemba buku lalikulu la malonjezo lokhala ndi mapu, zithunzi za mabwalo amene sanamangidwe ndi ciwerengero ca ndalama. Pamwamba pa zonse pamafunika kalata ya boma. M'kalatayo boma limabvomera kuti lidzamanga zosoweka, lidzateteza alendo, lidzawapatsa zilolezo zolowera m'dziko mosabvuta, ndipo nthawi zambiri limabvomeranso kusalipiritsa msonkho eni masewerawo. Kenaka pamabwera anthu otumidwa kudzaona ndi maso, ndipo potsiriza akuluakulu amakhala pansi n'kuvota.

Apa ndi pamene pali cinsinsi. Ovota ndi ocepa, koma olipira ndi mtundu wonse. Ku CAF amavota ndi a komiti yaikulu cabe, ndipo ku IOC amavota ndi mamembala pafupifupi 100. Eni masewera amatenga ndalama za wailesi ya kanema ndi za makampani otsatsa malonda, pamene wolandira alendo amasenza mtengo wa zomangamanga. Mizinda yofuna ikaculuka, uliwonse umalonjeza zoposa mnzake, monga anyamata awiri olimbirana mbeta imodzi, ndipo wopambana amadzapeza kuti walonjeza ng'ombe zimene m'khola mwake mulibe.

Kumene kuli ovota ocepa ndi ndalama zambiri, ciphuphu siciri patali. Mu 1998 zinadziwika kuti amene anali kupemphera mzinda wa Salt Lake City ku America masewera a Olympic a nyengo yozizira a 2002 anapereka mphatso ndi ndalama za sukulu kwa mamembala ena a IOC ndi abale ao. Mamembala 10 anacotsedwa kapena kutula pansi udindo.

Cikho ca 1988 ndi bwalo la ku Ndola

Acikulire akumbukira kuti CAF inasankha Zambia kuti ilandire cikho ca Africa ca 1988. Masiku amenewo matimu opikisana anali 8 cabe ndipo mizinda iwiri inali yokwana. Lusaka inali ndi bwalo la Independence, ndipo Ndola inali ndi bwalo la Dag Hammarskjöld, kumene timu ya dziko inali kugwetsa alendo kawirikawiri. Bwalo la ku Ndolalo linagwetsedwa kuti pamalopo pamangidwe latsopano loyenera alendo.

Cuma ca dziko cinali citadwala kale. Mtengo wa mkuwa unali pansi, nkhongole zinali zitakula, ndipo mu December 1986 ku Copperbelt kunabuka zipolowe cifukwa ca kukwera kwa mtengo wa unga. Kumapeto kwa caka comweco Zambia inauza CAF kuti siingathe. Cikhoco cinakaseweredwa ku Morocco, m'mizinda ya Casablanca ndi Rabat, ndipo Cameroon ndiyo inacitenga.

Comvetsa cisoni cinali ku Ndola. Bwalo lakale linali litapita, latsopano silinabwere, ndipo mzindawo unakhala zaka zoposa 20 wopanda bwalo lalikulu. Mlimi aliyense adziwa kuti sagwetsa nkhokwe yakale asanadule nsungwi za yatsopano, koma dziko lathunthu linacita zimenezo.

Lusaka 2011: tinapambana, tinabweza

Mu 2005, pa ulamuliro wa malemu a Levy Mwanawasa, mzinda wa Lusaka unasankhidwa kuti ulandire masewera a All-Africa Games a 2011. Awa ndi masewera a mitundumitundu, monga kuthamanga, nkhonya, kusambira, judo, mpira wa miyendo ndi wa manja, ndipo osewera ake amakhala zikwi zingapo. Anayambira ku Brazzaville mu 1965. Anzathu a ku Harare anawalandira mu 1995, Johannesburg mu 1999, Abuja mu 2003 ndi Algiers mu 2007. Nthawi imeneyo zinali kuoneka kuti tafika pabwino, popeza mu 2005 mommo Zambia inakhululukidwa gawo lalikulu la nkhongole zake zakunja ndipo mtengo wa mkuwa unali kukwera.

Panafunika bwalo lalikulu latsopano, dziwe losambiramo la mpikisano, maholo a masewera a m'nyumba ndi mogona osewera onsewo. Nchito inayenda pang'onopang'ono, ndipo caka ca 2008 cinasokoneza zonse. A Mwanawasa anamwalira pa 19 August, ndipo dziko linacita masankho osayembekezeka pa 30 October, amene anapambana a Rupiah Banda. Nthawi yomweyo cuma ca dziko lonse lapansi cinagwedezeka. Tani imodzi ya mkuwa, imene mu July inali pafupifupi madola 9,000, pofika December inatsika kufika ca m'ma 3,000. Mgodi wa ku Luanshya unaimitsa nchito ndipo anthu ambiri anakhala pakhomo.

Mu December 2008 boma linalengeza kuti Zambia siidzalandira masewerawo cifukwa ca kusowa kwa ndalama. Ambiri anamva manyazi, ndipo ena anati tanyozetsa dziko. Komabe tikayang'ana m'mbuyo, kubwezako kunali kwanzeru kuposa kupempha kwake. Boma limene likanatenga nkhongole yaikulu m'caka cimene migodi inali kutseka likanailipira ndi thukuta la anthu omwewo amene anacotsedwa nchito. Colakwa cinacitika mu 2005, pamene tinaitana alendo podalira mtengo wa mkuwa, umene umaikidwa ku London ndipo ife tilibe pa iwo mphamvu iliyonse.

Mu 2009 mwayiwo unaperekedwa ku Maputo. A ku Mozambique anali ndi zaka ziwiri cabe zokonzekera, koma anali atayamba kale kumanga bwalo la Zimpeto, lokhala anthu 42,000, ndi thandizo la China. Masewera anacitika kuyambira pa 3 mpaka pa 18 September 2011, ndipo osewera athu anapita kumeneko monga alendo pa phwando limene linali lathu.

Kugogodanso pakhomo la CAF

Cipolopolo itatenga cikho ca Africa ku Libreville pa 12 February 2012, pogonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenati, mtima wofuna kulandira cikhoco kunyumba unadzukanso. Boma la malemu a Michael Sata linaima kumbuyo kwa pempho la cikho ca 2019, ndipo kunamveka malonjezo a mabwalo atsopano ku Livingstone ndi ku Mongu. Mu September 2014, ku Addis Ababa, CAF inagawa zikho zitatu tsiku limodzi: ca 2019 ku Cameroon, ca 2021 ku Ivory Coast ndi ca 2023 ku Guinea. Zambia ndi Algeria anabwerako cimanjamanja. Zaka 10 zinapita mabwalo a ku Livingstone ndi ku Mongu asanaoneke.

Tsono taonani zimene zinagwera opambanawo. Mu 2017 CAF inakweza ciwerengero ca matimu kucoka pa 16 kufika pa 24, kutanthauza mabwalo 6 m'malo mwa 4. Cameroon inalephera kumaliza pa nthawi yake, ndipo mu November 2018 inalandidwa cikho ca 2019, cimene cinapita ku Egypt. Cameroon inadzalandira cotsatira cake kumayambiriro kwa 2022, ndipo Ivory Coast inadikira mpaka kumayambiriro kwa 2024. Guinea, imene inakankhidwira ku 2025, inalandidwa mu 2022 cifukwa zomanga zinali kumbuyo kwambiri. Pa opambana atatu a ku Addis Ababa panalibe ndi mmodzi yemwe amene analandira alendo m'caka cimene anapatsidwa poyamba.

Guinea italandidwa, Zambia inapemphanso cikho ca 2025. Pofika tsiku la cigamulo, pa 27 September 2023 ku Cairo, Algeria, Zambia ndiponso Nigeria ndi Benin zinali zitapatuka, ndipo Morocco inatsala yokha. Tsiku lomwelo cikho ca 2027 cinaperekedwa kwa Kenya, Uganda ndi Tanzania, amene anapempha pamodzi pansi pa dzina la Pamoja. Paokhapaokha panalibe wokhala ndi mabwalo 6 oyenera, koma atatuwo anagawana katundu, popeza mutu umodzi susenza denga.

Zimene ena anapeza

Morocco, imene inatilowa m'malo mu 1988, ndi citsanzo ca kulimbikira. Inapempha cikho ca dziko lonse kasanu, ca 1994, 1998, 2006, 2010 ndi 2026, ndipo kasanu konse inalephera. Koma m'zaka zonsezo inali kumanga mabwalo, misewu, njanji ndi mahotela pang'onopang'ono. Mu December 2024 FIFA inatsimikiza kuti Morocco idzalandira cikho ca 2030 pamodzi ndi Spain ndi Portugal.

South Africa nayo inalawa zowawa isanalawe zokoma. Mu 1997 Cape Town inalephera kupeza masewera a Olympic a 2004, amene anapita ku Athens. Mu July 2000 dzikolo linaphonya cikho ca 2006 ndi voti imodzi, 12 kwa 11, pamene nthumwi ya ku New Zealand, a Charles Dempsey, inakana kuvota pa ulendo womaliza ndipo Germany inapambana. Pa 15 May 2004 ku Zurich, a Nelson Mandela ali pomwepo, South Africa inagonjetsa Morocco ndi mavoti 14 kwa 10 ndipo inalandira cikho ca 2010 m'mabwalo 10. Africa yense ananyadira, ndipo alendo anabwerera kwao akuyamikira.

Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pafupi ndi mabwalowo malamulo a FIFA analola malonda a makampani aakulu okha amene analipira FIFA, ndipo amayi ogulitsa zakudya m'mbali mwa msewu anasunthidwira kutali. Masewera atatha, mizinda ina inatsala ndi mabwalo aakulu amene sadzaza kawirikawiri, koma ofuna ndalama za udzu, malaiti ndi alonda mwezi uliwonse. Pambuyo pake mzinda wa Durban, umene mu 2015 unapatsidwa masewera a Commonwealth a 2022, unalandidwa mu March 2017 pa nkhani ya ndalama, ndipo masewerawo anapita ku Birmingham.

Bvutoli silisankha wosauka yekha. Mzinda wa Montreal ku Canada unalandira masewera a Olympic mu 1976, ndipo unamaliza kulipira nkhongole ya bwalo lake mu 2006, patapita zaka 30. Mwana wobadwa caka ca masewerawo anakula, kukwatira ndi kubereka nkhongole ikali moyo. Cifukwa ca nkhani zotere anthu a m'maiko olemera anayamba kukana. Mu November 2015 anthu a ku Hamburg ku Germany anafunsidwa mwa voti ngati afuna masewera a Olympic a 2024, ndipo anakana. Rome ndi Budapest nazo zinapatuka, mpaka mu 2017 IOC inagawira mizinda iwiri yotsala, Paris 2024 ndi Los Angeles 2028. Mu July 2023 cigawo ca Victoria ku Australia cinabweza masewera a Commonwealth a 2026 cifukwa mtengo unakwera koposa. Zimene Zambia inacita mu 2008 olemera akuzicitanso, ndipo palibe akuwaseka.

Mabwalo athu awiri

Ngakhale tinabweza masewera a 2011, mabwalo anadzabwera pambuyo pake, omangidwa ndi makampani a ku China. Bwalo la Levy Mwanawasa ku Ndola, lokhala anthu pafupifupi 50,000, linatsegulidwa mu June 2012, ndipo Cipolopolo inagonjetserapo Ghana 1-0. Bwalo la National Heroes mu Lusaka, lokhala anthu 60,000, linatsegulidwa mu 2014 pafupi ndi manda a ngwazi zathu zimene zinafera pa ngozi ya ndeke ku Gabon mu April 1993. Linadya madola pafupifupi 94 miliyoni a nkhongole ya ku China.

Bwalo la Heroes lagwira nchito zambiri. Maliro a a Sata anacitikira pomwepo mu November 2014, ndipo a Edgar Lungu ndi a Hakainde Hichilema analumbirira pomwepo. Koma nchito ina imene bwaloli linagwira iyenera kutipatsa maganizo. Mu January 2018, ndiponso mu January 2024, linasandutsidwa cipatala ca odwala kolera. Ndi bwino kuti malowo analipo ndipo miyoyo inapulumuka. Komabe kolera ndi matenda a madzi oipa ndi zimbudzi zosakwanira. Mzinda umene unali ndi mipando 60,000 yoonererapo mpira unali usanafikitse madzi abwino ku Kanyama ndi makomboni ena. Amene afuna kuti tipemphenso masewera aakulu ayenera kuyankha nkhani imeneyi poyamba.

Tisaiwalenso kuti mu November 2020 Zambia inalephera kulipira madola 42.5 miliyoni a ciwongoladzanja pa nkhongole yake yakunja, ndipo panatenga zaka kukambirana ndi eni ndalama. Mabwalo si ndiwo okha anabweretsa bvutolo, koma ali m'gulu la zinthu zimene tinagula pa nkhongole. Walira mvula walira matope.

Phwando la msinkhu wathu

Kodi tsono tisamaitane alendo? Iai. Mlendo ndi mame, ndipo mudzi umene sulandira alendo ndi manda. Mbiri yathu yomwe isonyeza kuti pamene taitana alendo olingana ndi nkhokwe yathu, zinthu zimayenda. Mu December 2012 Lusaka inalandira masewera a acinyamata a m'cigawo cino ca kum'mwera kwa Africa, ochedwa Zone Six. Mu July 2013 tinalandira cikho ca COSAFA ndi kucitenga pogonjetsa Zimbabwe 2-0 ku Ndola.

Cacikulu koposa cinali mu 2017, pamene tinalandira cikho ca Africa ca anyamata osapitirira zaka 20. Matimu anali 8, mizinda inali iwiri, ndipo mabwalo onse awiri anali omangidwa kale. Panalibe cogwetsa, panalibe comanga mothamanga. Anyamata a mphunzitsi a Beston Chambeshi anapambana masewera onse asanu, ndipo pa 12 March, bwalo la Heroes litadzaza, anagonjetsa Senegal 2-0 ndi zigoli za Patson Daka ndi Edward Chilufya. Caka comweco anapita ku South Korea ku cikho ca dziko lonse ca msinkhu wao, kumene anagonjetsa Portugal ndi Germany asanagwe kwa Italy.

Anthu a m'boma la Kafue ali ndi cifukwa cokumbukira bwino caka cimeneco. Patson Daka, amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa cikhoco, anakulira mu mpira wa ku Kafue ndipo anadzera mu timu ya Kafue Celtic. Enock Mwepu nayenso anadzera mu timu yomweyo. Onse awiri anapita ku Red Bull Salzburg ku Austria, ndipo mu 2021 anakafika ku England, Daka ku Leicester City ndi Mwepu ku Brighton, kumene Mwepu anasiya kusewera mu 2022 cifukwa ca matenda a mtima. Mnzao Fashion Sakala anacokera ku Chipata.

Anyamatawa anaphunzira mpira pa mabwalo a fumbi a kusukulu ndi a m'makomboni, ndipo bwalo la madola 94 miliyoni linawalandira atapsa kale. Tauni ya Kafue inali yochuka ndi mafakitale a Nitrogen Chemicals ndi Kafue Textiles, ndipo pamene mafakitale anali amphamvu, masewera a m'tauniyo nawo anali amphamvu. Mafakitale atafooka, mpira unasungidwa ndi anthu wamba: aphunzitsi a sukulu, makolo, timagulu ta acinyamata ta m'machalichi ndi anthu odzipereka amene anagula mipira ndi ndalama za m'thumba mwao. Malo ena amene athandiza ana ndi Olympic Youth Development Centre mu Lusaka, amene IOC inatsegula mu 2010. Malowa sanamangidwire alendo a masabata awiri. Anamangidwira ana a tsiku ndi tsiku.

Kodi mlimi apindulapo ciani?

Opempha masewera amakonda kunena kuti alendo adzabwera ndi ndalama ndipo aliyense adzadyapo. Mlimi wa ku Shimabala, amene amadzuka m'bandakuca ndi mabokosi a tomato ndi mitolo ya repu kupita ku msika wa Soweto, ayenera kufunsa kuti ndalamazo zidzafika bwanji kwa iye. Alendo a masewera amagona m'mahotela aakulu, ndipo mahotelawo amagula zakudya kwa amene ali nawo pa pangano, amene angathe kupereka katundu wofanana tsiku lililonse ndi kulemba risiti. Mlimi payekha sangalowe pakhomo limenelo. Kopaletivu yolembetsedwa, yokhala ndi akaunti ku banki ndi madzi othirira caka conse, ingathe kugogoda. Ndipo pangano lotere limapangidwa miyezi yambiri masewera asanayambe.

Masewerawo amatha masabata awiri kapena anai, ndipo munda wa kabichi subzalidwa cifukwa ca masabata anai. Cimene cimatsala kwa mlimi ndi zinthu zokhalitsa: msewu wocoka kumunda kufika pa tala, mlatho wosakokoloka, magetsi a pampu, msika wokhala ndi denga ndi zimbudzi. Buku la malonjezo limene mulibe zotere silimuwerengera mlimi, ngakhale kuti pa msonkho ali momwemo. Aliyense wodutsa pa geti ya msonkho wa msewu pa Shimabala adziwa kuti cinthu ca boma sicikhala caulere. Pali wina amene amalipira, ndipo kawirikawiri ndi inu ndi ine.

A m'mipingo nkhaniyi aidziwa kuposa nduna. Parishi ikapatsidwa mwayi wolandira msonkhano waukulu wa amayi, wa makwaya kapena wa acinyamata, akuluakulu a mpingo amakhala pansi ndi kuwerenga: alendo angati, matumba a unga angati, nkhuni, madzi, zimbudzi, mogona. Amafunsa mphakati uliwonse zimene ungathe kupereka. Msungicuma amawerenga ndalama pamaso pa onse msonkhano usanayambe ndiponso utatha. Parishi yanzeru siigwetsa chalichi cakale pofuna kudabwitsa alendo, ndipo ikaona kuti siingathe yokha imagwirizana ndi parishi yoyandikana nayo. Nzeru yomweyi ndiyo ifunika ku boma.

Mafunso ofunsa aphungu athu

Tsiku lidzafika pamene Zambia idzapemphanso masewera aakulu, popeza cikondi cathu pa mpira sicidzatha. Tsikulo likafika, tisathamangire kuomba m'manja. Tifunse aphungu a nyumba ya malamulo ndi makhansala athu mafunso awa.

Coyamba, mtengo wonse ndi wotani, ndipo ndalamazo zicokera kuti? Ngati ndi nkhongole, idzalipidwa zaka zingati, ndipo nyumba ya malamulo yaibvomereza?

Caciwiri, pa mabwalo ofunikawo, ndi angati amene alipo kale? Pempho lodalira zithunzi za mabwalo osamangidwa ndi limene linagwetsa Guinea, ndipo ndi limene linatigwetsa ife kawiri.

Cacitatu, alendo akapita, ndani adzagwiritsa nchito zomangazo, ndipo ndani adzalipira malaiti ndi madzi? Nyumba zogona osewera zingasanduke mogona ana a sukulu ngati zamangidwa pamalo oyenera, koma bwalo lopanda timu limasanduka mobisala mbuzi.

Cacinai, kodi tayesa kugwirizana ndi anansi athu? Malawi ili ndi bwalo la Bingu ku Lilongwe, lotsegulidwa mu 2017, ndipo Mozambique ili ndi Zimpeto. Zimene acita a ku East Africa ifenso tingazicite.

Cacisanu, pa Kwacha iliyonse yopita ku phwando la alendo, ndi ngwee zingati zimene zipita ku mabwalo a ana athu? Funso limeneli sitiyenera kudikira nalo CAF. Mu 2022 boma linakweza ndalama za citukuko za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo mapempho amayambira ku makomiti a citukuko a m'mawadi. Kusalaza bwalo la pasukulu, kuimika zipata za zitsulo, kukumba mjigo pambali pake ndi kukonza bwalo la mpira wa manja la atsikana ndi nchito ya ndalama zocepa, koma siicitika ngati palibe woipempha. Makolo, a mpingo ndi a kopaletivu angathe kulemba pempholo pamodzi.

Cikho cimene tinyadira koposa tinacitenga ku Libreville, pa bwalo la eni ake, ndipo palibe anatifunsa kuti kwathu tili ndi mahotela angati. Cimene cinafunika cinali osewera, ndipo osewera amamera kumene kuli ana, mpira ndi munthu wamkulu wowayang'anira. Tikasamala nazale imeneyi m'midzi ndi m'makomboni athu, tikalipira nkhongole zathu ndi kufikitsa madzi abwino kwa anthu, alendo adzabwera okha kudzatipempha malo, ndipo tidzawalandira nkhokwe ili yodzaza.